Njira ya Mango Osadyedwa

1. Kalata ya ku Dwambazi

Kalatayo idafika Lachiwiri, kumayambiriro a mwezi wa Novembala, chaka cha 1957. Idachokera ku Dwambazi, kumpoto kwenikweni kwa boma la Kotakota, kumene Madina adakwatiwa. Madina adali mlongo wake wamkulu wa Kalilu, amene ankamubereka kumbuyo ali khanda.

Sadalembe yekha. Adachita kulembetsa kwa mphunzitsi wa kumeneko, ndipo mawu ake adali ochepa: "Mawanga aja achuluka. Dzulo ndidagwira mphika wamoto koma osamva kutentha. Apongozi andimangira kanyumba kuseri kwa mudzi. Uzani amayi asalire."

Amayi adalira ndithu. Ndani sadziwa kuti mawu otere akunena khate?

Kalilu adali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Adatsiriza Sitandade 6, ndipo tsiku ndi tsiku ankakonza njinga ndi bambo wake, a Zaidi, pafupi ndi msika. Mnyamatayu ankadziwa tcheni ndi masipoko kuposa zimene ashehe adamuphunzitsa kumadrasa, ndipo podzitama ndiye musanene. Koma tsiku limenelo sadatame kanthu. Adangosiya pampu pansi nathamangira kuchipatala.

Kumeneko adapeza a Maliko, wothandiza dokotala, akutsuka mabotolo.

"Mankhwala alipo," adatero a Maliko. "Timapiritsi toyera, tabwera chaka chomwe chino. Koma safuna kudukiza. Munthu akayamba azimwa sabata ndi sabata, chaka ndi chaka. Nanga msewu wa galimoto suukudziwa? Mvula ikangogwa, milatho ya nsungwi ija imapita ndi madzi mpaka Epulo. Adokotala anena kuti kumpoto tidzayamba chaka chamawa, pokhapokha patapezeka njira yoti njinga izidutsa dzinja lonse."

"Chaka chamawa achemwali adzakhala ali nazobe zala?" adafunsa Kalilu.

A Maliko adangoyang'ana m'botolo.

"Njirayo ndikaipeza ine," adatero Kalilu.

A Maliko adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka adalowa m'nyumba nabwera ndi kope, pensulo ndi kachitsulo kooneka ngati wotchi, komangirira pagudumu kuti kaziwerenga mamailosi.

"Ulembe mtsinje uliwonse, mchenga uliwonse, ndi mtengo uliwonse wa mthunzi pomwe odwala angamadikire. Ukaipeza, wopalasa njinga ya mankhwala udzakhala iwe. Koma tamvera, mwanawe. Usakalembe njira yokomera maso ako. Ukatinamiza, tikayambitsa anthu mankhwala n'kuwasiyira panjira, ndiye tawapweteka kuposa kusayamba n'komwe. Adokotala akufuna yankho pasanathe masiku khumi."

2. Dziko ndi lalikulu

Kalilu adanyamuka m'mawa atangoswali kumzikiti. Kachitsulo kaja kankalira ke, ke, ke, ndipo iye ankangomva ngati ndi bwana wa misewu.

Chibadwire adali asanawolokepo mtsinje wa Bua. Atawoloka pabwato ndi njinga yake, adazindikira kuti dziko ndi lalikulu, abale! Kumanzere mapiri adangoti bii, osatha. Kumanja nyanja inkaoneka n'kubisala, kuoneka n'kubisala pakati pa migwalangwa. Pamalo ena njinga idayamba kudumphadumpha, ndipo atatsika adapeza kuti ndi mapazi a njovu oumira m'matope. Adalowetsa phazi lake m'limodzi mwa iwo, ndi nsapato yomwe, malo n'kutsalabe. Adayang'ana uku ndi uku, napalasa mosaimba mluzu.

Ankalemba zonse. Mchenga wa mayadi mazana atatu, wotsika n'kukankha. Kamtsinje kofuna mitengo iwiri yoyala. Mkuyu wa mthunzi wokwana anthu makumi awiri. Adagona ku Liwaladzi kwa mnzawo wa bambo wake, ndipo kutacha adapitirira.

Dzuwa lisanafike pamutu adatulukira pa dambo lalikulu la kufupi ndi mtsinje wa Dwangwa. Apa ndiye adaima n'kutsegula pakamwa. Udzu udali utapsa, nthaka yakuda ili gwa, yosalala, kufikira kumene maso amalekezera. Kanjira ka anthu oyenda pansi kadalunjika kumpoto kopanda kukhota.

Ha! Kalilu adapalasa ngati akuthamangitsidwa. Malaya adafufuma kumsana. Adasiya chiwongolero, natambasula manja, nafuula yekha. Atayenda mailosi imodzi adaima, natulutsa kope, nalemba ndi zilembo zazikulu: NJIRA YABWINO KOPOSA ZONSE.

3. Msodzi wa pouma

Akubweza pensulo m'thumba, adaona chinthu chodabwitsa. Chapatsogolo pang'ono nkhalamba ina inkazika mpanda wa bango pa nthaka youma, n'kumaika miono m'mipata ya mpandawo. Pambali pake padali bwato litagona pafumbi, chingwe chake chitamangidwa kunthambi ya pamwamba ya mtengo wa mthethe.

Kalilu adalephera kudzigwira. Adaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Moni, gogo! Kodi nsomba za kuno zimayenda ndi miyendo?"

Nkhalambayo siidadzutse mutu. Idatsiriza kumanga mono, kenaka n'kuwongoka pang'onopang'ono. Adali a Lazaro, munthu wamtali, wouma thupi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, kamtanda kamtengo kali pakhosi.

"Zikomo, bwana wa njinga. Seka ndithu, mano ukadali nawo. Ukupita kuti?"

Kalilu adafotokoza zonse: za Madina, za mapiritsi, za masiku khumi. Adawaonetsanso zilembo zazikulu zija. A Lazaro adamva mpaka pamapeto, kenaka adamugwira pamkono namukokera pansi pa mthethe.

"Yang'ana kumwamba. Ukuona chiyani?"

M'nthambi, pamwamba pa mutu wa Kalilu, mudakodwa udzu wouma ndi timitengo, zonse zitapendekera mbali imodzi.

"Zisa za mbalame?" adayesa Kalilu.

"Mbalame yake iti yomanga chisa ndi matope ndi zigoba za nkhono? Amenewo ndi madzi, mwanawe. Chaka chatha adalekezera pamenepo. Pamene waimapo pano, Januwale ine ndimapalasapo bwato, ndipo m'miono imene ukuisekayi mumalowa milamba yonga ntchafu yako. Inu ana a sukulu mumafunsa njira kwa maso, ndipo maso amakuuzani za lero lokha. Njira ya dzinja amafunsa kwa mitengo. Amafunsa kwa chiswe, poti chiswe sichimanga chulu pomira. Tayang'ana, chulu ukuchiona pano? Ndiponso madzi asanadzaze n'komwe, makande awa akangonyowa amakakamira kutayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Udzasenza njinga, njinga isanakusenze. Safunsa adadya phula. Ukadapita nalo kope lakolo kwa adokotala, mlongo wako akadamwa mankhwala milungu itatu basi."

Kalilu manyazi adamugwira. Adayang'ananso udzu wa m'nthambi uja, nayesa kuganiza madzi odzaza dambo lonselo kufika pamenepo.

"Pepani, gogo, ndinalankhula zachibwana. Ndiye kuti njira palibe?"

A Lazaro adayang'ana chakumadzulo.

"Ilipo," adatero. "Koma siyendedwa."

4. Khomo la njira

Adamutsogolera chakumadzulo, kumene dambo limathera ndipo nthaka imayamba kukwera. Pamenepo padali mitengo iwiri ya mango, ikuluikulu yoti anthu atatu sangaikumbatire. Kuseri kwake kudali ina, ndi inanso, mzere wautali wolowera kumpoto pamwamba pa chitunda. Mango akupsa adali mbwee pansi, koma panalibe phazi la munthu, ngakhale la mwana.

A Lazaro adakhala pamuzu, natambasula miyendo.

"Njira iyi siimira, ngakhale chaka cha chigumula. Imazungulira dambo lonse mpaka ku Dwangwa. Amene adaitulukira adali akatswiri, poti katundu wawo sankafuna kuti achedwe. Katunduyo tidali ife.

"Ndidali ndi zaka ngati zisanu ndi zitatu. Adatigwira kumapiri, kutsidya kwa mtsinje, akutitengera ku Kotakota kuti akatikweze zombo. Amuna adali m'magoli, akazi ndi ana pachingwe. Chakudya chathu chidali mango amene otiyendetsawo adanyamula, limodzi patsiku. Tinkayamwa njere mpaka kuyera, n'kuitaya m'mbali mwa njira. Magulu ndi magulu adachita chimodzimodzi. Mitengo iyi sadabzale munthu. N'chifukwa chake mwana wa kuno ngakhale njala imupweteke bwanji, satola mango pano.

"Amayi anga miyendo idatupa. Tsiku lachitatu adagwa, osadzukanso. Kapitawo wa ulendo adabwera, nadula chingwe kuti awasiye. Ine ndidawakakamira pakhosi. Iye adawerama kuti andizule, ndipo amayi, munthu woti mphamvu zidatha, adamuluma khutu mpaka kulidula. Adawamenya ndi thako la mfuti, nandikoka. Ndinkacheuka, ndinkacheuka, mpaka njira idakhota. Ife tidapulumuka chifukwa tidafika ku Kotakota malonda a anthu akutha, ndipo ine adandilera a mishoni. Koma dzina la kapitawoyo sindidzaliiwala. Adali Abdulhamid. Kuyambira tsiku limenelo anzake ankamutchula kuti Abdulhamid wa khutu limodzi."

Kope lidagwa m'manja mwa Kalilu. Adawerama kuti alitole, ndipo adachedwa kuweramuka.

A Lazaro sadaone zimenezo. Maso awo adali m'njiramo.

"Mwa onse amene tidayenda muno ndi chingwe, wotsala ndine ndekha. Choncho anthu a midzi ino adati mawu a njirayi ndi anga. Ndakana osaka nyama, ndakana ocheka matabwa. Koma akhate ndawaona, mwanawe. Ndaona mayi akuyamwitsa mwana atamugwira ndi zigongono. Ngati njira imene idatenga anthu ingabweretse mankhwala, ogona muno sangadandaule. Koma pali mwambo. Wolowa muno amaima pakati pa mitengo iwiriyi n'kunena mbumba yake mokweza, kuti ogonawo adziwe amene akuwaponda. Taima apo, unene."

5. Mbumba ya yani?

Kalilu adaima pakati pa mitengo ija.

"Ndine Kalilu, mwana wa Rukiya. Atsibweni anga ndi a Useni a kwa Malengachanzi. Ndife a Banda, asodzi a usipa."

"A Banda a kwa Malengachanzi ndikuwadziwa," adatero a Lazaro akudzuka. "Anthu a nkhafi ndi ukonde, alibe mlandu ndi munthu. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndiye watha. Tiye."

Abale, apa padali pothawira pabwino zedi. Mnyamatayu sadaname. Mwambo udafunsa mbumba, iye adanena mbumba. Nkhalamba idakhutira, njira idatseguka, mankhwala a Madina adali m'manja. Ndani akadamuimba mlandu akadangokankha njinga n'kulowa?

A Lazaro adayenda mapazi khumi, nacheuka. Kalilu adali chiimire pomwepo.

"Nanga bwanji? Ukuopa mizimu?"

"Gogo, sindinathe."

"Watsala ndi chiyani?"

"Bambo anga ndi a Zaidi. A Zaidi ndi mwana wa a Abdulhamid. Chipsera cha khutu limenelo ndidachigwirapo ndi dzanja ili. Ankandiika pamwendo, kundisendera nzimbe, kundiphunzitsa zilembo zoyamba za Korani. Kwathu amati adalumidwa ndi kambuku."

Bango limene a Lazaro adachoka nalo pampanda paja lidathyoka m'manja mwawo, thyo. Adabwerera pang'onopang'ono mpaka kuima pamaso pa mnyamatayo, namuyang'anitsitsa pamphumi, pamphuno, m'maso.

"Kambuku," adatero. "Amayi anga adasanduka kambuku. Adafa liti?"

"Ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi."

"Adafa bwanji?"

"Ndi ukalamba, gogo. Pamphasa, ana ndi zidzukulu titazungulira."

A Lazaro adaseka, koma kuseka kwake kudali kowawa kumva.

"Pamphasa! Wamva, Mulungu? Pamphasa! Adamusambitsa, adamukulunga nsalu yoyera, adamuimbira. Amayi anga adaikidwa ndi afisi. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikupemphera kuti ndimukhululukire munthu ameneyo, ndipo Lamulungu lililonse ndimatuluka m'tchalitchi ndisanathe. Lero andibweretsera mphuno yake pakhomo pa njira! Iwe mwana, unalekeranji kukhala chete? Ndinakufunsa za kuchimuna ine? Ukadatseka pakamwa, bwenzi pano tili pakati pa ulendo."

"Munati ogona muno adziwe amene akuwaponda," adayankha Kalilu. "Akadandidziwa ndithu. Osadziwa mukadakhala inu nokha."

A Lazaro adatembenuka nayamba kutsetserekera kudambo, kumiono yawo. Sadatsanzike.

Kalilu misozi idalengeza. Adatsegula kope, nakhwatcha zilembo zazikulu zija mpaka pepala kubooka. Kenaka adaitana.

"Gogo! Ine ndikubwerera. Ndikauza a Maliko kuti padambo sipadutsika, ndipo njira ina ilipo koma si ya ine. Atumize munthu wina, wa magazi ena. Ntchitoyo atenge iyeyo. Koma chonde musaitseke chifukwa cha ine. Odwala kumpotoku si achemwali anga okha."

Nkhalamba idaima. Idakhala chiimire, msana uli kwa mnyamatayo, mpaka Kalilu adaganiza kuti siidamve. Kenaka idabwerera, ikupuma mwamphamvu.

"Wina? Winayo adalakwanji kuti akusenzere katundu wa kwanu? Iweyo. Vula nsapato. Senza njingayo paphewa. Tayala lisakhudze nthaka ino mpaka ine nditanena, kaya ndi lero, kaya ndi chaka chamawa. Agogo ako adayenda muno manja ali lende, ena akusenza. Lero usenza ndiwe."

6. Pansi pa mango

Adalowa. Kutentha konse kudatsala kunja. Nthambi zidakumana pamwamba, ndipo kuwala kunkangodontha apa ndi apo. Pansi padali pofewa ndi masamba a zaka zambiri, koma pansi pa masambawo nthaka idali yolimba, yamiyala ing'onoing'ono, yokwera pakati ndi yotsetsereka m'mbali. Kalilu adadziwa ndi mapazi ake kuti madzi sangaime pamenepo.

Fungo la mango akupsa lidali ponseponse. Apusi ankawayang'ana ali phee m'nthambi, osathawa. Agulugufe adadzaza pa zipatso zogwa, ndipo anthu awiriwo akamadutsa ankauluka onse pamodzi n'kuteranso kumbuyo kwawo. Kalilu adali asanaonepo malo okongola chotere, ndiponso adali asanaopepo malo chotere. Mtengo uliwonse adauyang'ana ngati munthu.

Chitsulo cha njinga chidamudya paphewa. Adasinthira phewa lina, nalonso lidatupa. Minga idamulasa kuphazi. Sadadandaule, ndipo a Lazaro sadacheuke. Kachitsulo kowerenga mamailosi kadali chete poti gudumu silinkazungulira, choncho Kalilu ankawerenga mitengo chamumtima.

Pa mtengo wa nambala 212 njira idakhota. A Lazaro adaima, navula chipewa. Mtengowo udali wopendekera kum'mawa, mizu yake ili pamtunda.

"Ndi pano," adatero.

Kalilu adafuna kutsitsa njinga kuti agwade, koma adakumbukira lamulo. Adagwada nayo ili paphewa.

"Tamvera bwino, mdzukulu wa Abdulhamid," adatero a Lazaro, mawu atatsika. "Anthu akadzabwera ndi makasu kudzalambula, pano njira idzalambalale, idzadutse kuseri uko. Mtengo ngakhale umodzi usadulidwe. Belu usadzalize muno. Ndipo tsiku limene udzafupikitse ulendo chifukwa cha ulesi, kapena kusiya wodwala akudikira pansi pa mtengo chifukwa mvula yakula, udzadziwe kuti wachita zomwe adachita agogo ako: wadula chingwe n'kusiya munthu panjira. Sindinakukhululukire, usadzinamize. Mwina mawa, mwina ayi. Koma iwe wandiuza chimene ukadatha kubisa, ndipo amayi amva. Dzuka."

Adapitirira. Pamalo ena mitengo idatalikirana, ndipo dambo lonse lidaoneka m'munsi, nyanja ili kuseri kwake. Kumapiri a kumadzulo kudali kutada, mitambo itatsikira pansi, mphezi zikung'anima popanda phokoso.

"Kumtunda yagwa kale," adatero a Lazaro. "Fulumira."

7. Madzi ofiira

Adamva mtsinje asanauone. Njira idatsikira pafupi ndi pamene anthu oyenda pansi amawolokera m'chilimwe, madzi akamalekeza m'maondo. Tsiku limenelo Dwangwa adali atasintha. Madzi adali ofiira, othamanga, atanyamula zitsa ndi thovu.

Pakati pa mtsinje padali kachilumba ka mchenga. Pamenepo padaima mayi, kamtolo kali pamutu, manja atakulungidwa ndi nsanza. Ankayesa kuponda m'madzi a kutsogolo, n'kubwerera. Ankayesa a kumbuyo, n'kubwereranso.

Kalilu adamudziwa ndi kaimidwe.

"Achemwali! Achemwali Madina!"

Mayiyo adadzutsa mutu. Mawu ake adafika modukaduka pamwamba pa mkokomo.

"Kalilu! Ndimabwera kuboma! Ndinamva kuti kuli mankhwala! Madzi andipeza pakati!"

Kalilu adafuna kudumphira m'madzi, koma a Lazaro adamugwira malaya.

"Ukufuna amayi ako alire maliro awiri? Ngakhale utafika, ubwera naye bwanji munthu woti manja sagwira? Pafunika bwato. Njira ya mangoyi ikupitirira m'mbali mwa mtsinje chakumtunda mailosi awiri. Pomwe mitengo yathera pali dooko, ndipo pali Hassani ndi bwato lake. Iye akatsika ndi madziwa safuna nthawi."

Kalilu adayang'ana kachilumba kaja. M'mphepete mwake mchenga unkagumuka n'kumagwera m'madzi. Adakonza njinga paphewa lotupa lija nayamba kuthamanga nayo.

"Iwe! Tsitsa njingayo!"

Kalilu adaima.

"Koma gogo, munati tayala lisakhudze..."

"Ndinati mpaka ine nditanena. Ndanena! Amayi anga adatsala m'njira muno chifukwa padalibe wowathamangira. Kwera!"

Matayala adagunda pansi. Kalilu adakwera wopanda nsapato, napalasa ndi mphamvu zake zonse, masamba akuuluka kumbuyo kwake. Asanakhote adacheuka kamodzi. A Lazaro adali atakwinda nsalu, ndodo ili m'manja, madzi atawafika m'chiuno, akulunjika kwa Madina kuti akamugwirize mpaka bwato lifike. Mchenga umene mlongo wa Kalilu adaimapo udali utatsala ngati mphasa imodzi.